Ndinawatsegulira Ndekha

Ndinkangofuna kudziwa amene wagoletsa.
Mpira unali utatha, wailesi itadya mabatire,
ine ndili pamwamba pa matumba a kachewere
kudikira lole ya ku Tete yomwe sinabwere.
Tsamba linatseguka theka,
kenako kabokosi kofunsa: Permitir?
Chala changachi, chozolowera kuvomera mtengo wa ogula,
chinadina.

Zigoli sindinazione.

Usiku womwewo, tambala asanaganize n'komwe zolira,
foni inaphethira pansi pa pilo:
Parabéns! Mwapambana metikaisi zikwi makumi asanu.
Ine, Zeferino Kambalame wa ku Tsangano,
amene sindinapatepo ngakhale beseni la pulasitiki
pa maere a kutchalitchi.

Kutacha anati foni yanga ili ndi mavairasi asanu ndi awiri,
kawotchi kofiira kakuwerenga chobwerera m'mbuyo.
Masana anati katundu wanga wagwidwa pachipata cha Kalomwe,
ndilipire dzuwa lisanalowe.
Katundu uti? Wanga yense ndamukhalira apa.
Madzulo, amake Ernesitina atatenga foni
kuti aunikire machesi amene anagwera kuseri kwa kabati,
panatulukira mtsikana wa milomo yofiira:
ati ali pa makilomita awiri okha
ndipo wandisowa.

Pa makilomita awiri kuchokera kwathu pali dibi la ng'ombe.
Ndinafotokoza zimenezo.
Ndinagona moyang'ana msana mpaka Lachisanu.

Loweruka pamsika wa Ulongwe,
kuseri kwa ogulitsa matayala a njinga,
ndinapeza kakontena kobiriwira
momwe Felizarda amachizira mafoni
ndi mswachi wakale.
Ndinati, mwanawe, yadwala iyi.
Sanaseke, koma mphuno inamugwedera.
"Sikudwala, atate. Munalowetsa alendo.

Onani pansi pa uthengawo, timalemba tating'onoti.
Si banki yanu, si kampani ya foni.
Ndi dzina la tsamba, lopindika ngati msomali wozula pa denga,
manambala pakati, mchira wosadziwika.
Wokuthamangitsani, mukayikireni.
Wobwera ndi mphoto ya mpikisano womwe simunalowe,
mufunseni anakudziwirani kuti.
Wopempha nambala yanu yachinsinsi
musamuyankhe n'komwe."

Anatsegula bulauza,
nadina timadontho titatu ta pakona, tonga mphini,
nalowa m'zipinda zomwe sindinkadziwa
kuti foni yanga ili nazo,
chipinda m'kati mwa chipinda,
mpaka pa mndandanda wa ololedwa kundiitana.
Analipo khumi ndi mmodzi.
Ine ndinkakumbuka mmodzi yekha.

"Achotseni nokha," anatero, nandibwezera m'manja.
Ndinayamba ngati posankha mbatata zowola m'thumba:
uyu panja, uyu panja,
uyu wa mphoto, uyu wa kawotchi.
Wa kudibi uja anali wachisanu ndi chinayi.
Ndinadina kawiri, kuti nditsimikize.

"Akadzagogodanso," anati, maso ali kale pa foni ya wina,
"pambali pa Permitir pamakhala batani lina,
lotuwa, losakongola. Bloquear.
Linalipo ndi tsiku lija lomwe."

Ndalama anakana.
Ndinamusiyira ndowa ya kachewere, wosankha,
ndipo ndinamupempha alembe pakapepala
kuti mtsikana uja kulibe,
kanthu koonetsa kunyumba.

Tsopano foni ili zii.
Ndisaname, usiku wina ndimadzidzimuka nthawi yomwe ija,
n'kupapasa pansi pa pilo.
Palibenso wonditcha wopambana.
Kumangomveka agalu a kwa Dinizi
ndi mpweya wa amake Ernesitina,
amene anatembenukanso.

Dzulo inalira kamodzi.
Ndinayamba ndi timalemba tating'ono, monga anandiphunzitsira.
Anali dalaivala:
lole yafera pa Musakama,
mwina mawa, mwina mkuja.

Ndinauwerenga kawiri, uthenga wopanda mphoto,
wosathamangitsa munthu,
ndipo ndinafunditsa matumba anga lona,
poti kumwamba kunali kutayamba kuda.