Kapu ya M'matope

Juni wa ku Bangula ndi mlendo waulemu:
amalowa tambala woyamba akalira,
n'kukutsina zala pang'ono,
dzuwa likasuzumira pa migwalangwa wapita osatsanzika.
Achimwene ku Dedza akuti akufunda mabulangete atatu.
Ine chitenje chimene anasiya Dominga chikundikwanira.

Pano ndikulimapa panali khonde lathu.
Madzi a Febuluwale anatenga chitseko, mbuzi ziwiri,
n'kusiya dothi lakuda ngati chipepeso.
Sindinakhululuke.
Koma ndinafesamo.

Dzana khasu linangoti ngwe!
Pofukula, kapu yachitsulo yobenthuka pakamwa,
ija tinkalandizana thobwa masana.
Ndaitsuka pachitsime.
Ndiyo ndikuthirira mbande za anyezi,
poti keni imagwetsa tiana totere.

Mpiru watambasula masamba ngati zikhatho za Zuze wopalasa bwato.
Matimati ndawaimika ndi mabango,
akupsa kuyambira m'munsi, limodzilimodzi,
ndipo mbuzi ya aneba yayesa mpanda wanga katatu.
Papaya wa kuseri kwa bafa ndikulimbirana ndi apumbwa;
iwo amalawira kuposa ine.
Masawu okha ndiwo safuna thukuta la munthu,
amangogwa.

Dominga akadali kumtunda kwa amake.
Analumbira kuti kudambo sapondakonso.
Mawa mwana wa Alufandika akukwera njinga kupita komweko:
ndamangira mpiru mitolo inayi,
matimati oyamba m'kadengu, udzu pansi kuti asaphwanyike.

Kapu sinditumiza.
Akafunsa, umuuze kuti yapezeka,
ili pantchito,
ndipo anyezi akhwima mphepo yotentha isanabwere.