Dziwe la Khumi ndi Chinayi

Pa mapu a chaka chimene ndinabadwa
pali maiwe makumi atatu ndi limodzi.
Ine ndi Spasoje, iye kumbuyo ndi nkhafi,
tawerenga khumi ndi asanu ndi anayi okha,
ena mwa iwo matope chabe
osunga mapazi a nkhumba zaubweya wopotana.

Mtsinje wa Sava unkabwera kudzagona kuno chaka ndi chaka,
podzuka nkusiya mphasa yake yonyowa.
Anaumangira khoma.
Tsopano umadutsa kutali, nkhope kumbali, osalonjera.

Ndikufuna chomera chopanda mizu.
M'mabuku amati Aldrovanda,
Spasoje amangoti kaudzu kako kaja.
Chimayandama pansi pa khungu la madzi,
kutalika ngati chala chamkombaphala,
masamba atazungulira tsinde ngati masipoko a njinga,
ndipo kunsonga kwa tsamba lililonse kuli kakamwa
kotseka msanga kuposa chikope
kakakhudzidwa ndi kachilombo.
Kutsogolo chikuphuka, kumbuyo chikuwola,
ulendo wake ndi womwewo.

Dziwe loyamba: ndere. Ndalemba ziro.
Lachiwiri: ndere, botolo, tayala la thalakitala.
Lachisanu lamwa feteleza wa m'minda ya chimanga
mpaka labiriwira ngati ndulu.
Aphunzitsi anga ku Novi Sad ankati
ziro nayenso ndi nambala, Radojka,
uzimulemba ndi dzanja lomwelo lolembera zopeza.
Ndamulemba kakhumi ndi katatu.
Pensulo yafupika, udzudzu wandidya m'khosi.

Masana Spasoje akudula buledi pabondo,
mafuta a nkhumba, anyezi wosaphika.
Akuti bambo ake ankakokolola zotere mu ukonde
ndi manja awiri, akutukwana.
Kenaka akutafuna, akuganiza.
Kapena sichinali chimenechi, akutero,
kwa msodzi chobiriwira chilichonse ndi chinyalala.

La khumi ndi chinayi labisala kuseri kwa misondodzi.
Bwato lakana, talikoka pa bango ngati mbuzi yopita kumsika.
Madzi ake ngati tiyi wopanda mkaka.
Ndalowa mpaka m'chiuno,
buluku la mphira likundifinya ntchafu,
thope likundivula nsapato pa phazi lililonse.
Sefa yoyamba: nkhono ziwiri ndi mbululu.
Yachiwiri: tsamba lakufa.
Yachisanu ndi chimodzi sindinayembekeze kanthu,
ndinali kuganiza za lendi ya nyumba.

Ndi icho.
Chagona m'beseni loyera, chaching'ono,
sichikudziwa kuti chasowa.

Sindinafuule. Ndinangomva mawondo akufooka.
Ndawerenga: chimodzi, zitatu, zisanu ndi ziwiri,
ndabwereza poopa kuti maso akundikomera mtima.
Zisanu ndi ziwiri ndithu.

Spasoje wapukuta manja pa malaya,
watenga galasi langa lokulitsira, watsinzina diso limodzi.
Kakamwa kamodzi katseka iye akuona.
Wabwerera m'mbuyo, bwato lapendama.
Kamadya nyama, akutero, ngati ine,
ndipo akuseka mpaka kakowa wauluka.

Ndazibwezera pomwe ndinazitenga, chimodzichimodzi.
Kukazizira, nsonga iliyonse idzadzikulunga
kukhala kampira kochepa ngati njere ya tsabola,
idzamira pansi nkudikira madzi oundana asungunuke.
Chimadziwa kudikira chisanu.
Za zikhomo zija sichidziwa,
zikhomo zomangidwa nsanza zofiira
zimene taziona pobwera, zitandanda kulowera kuno,
poti padzadutse ngalande yatsopano.

Ndalemba tsiku, ola, kuya kwa madzi,
manambala a malo kuchokera pa kamakina.
Lipoti lidzafika pa desiki ya munthu wina mu Okutobala.
Sindikudziwa kuti katapila adzafika liti.

Msundu wandimata pamkono, ndauona mochedwa.
Spasoje akuloza dzuwa ndi nkhafi.
Atsala asanu, akutero,
ndipo la khumi ndi chisanu ndimalidziwa,
muli firiji yakale.

Tiyeni, ndikutero. Nalonso tikalilembe.