Kutsogolo kwa kadontho

A Sithebe ali ndi nyumba ziwiri.
Ina ili ku Turffontein, ya njerwa zofiira,
komwe ndimachita lendi kachipinda ka kuseri
pafupi ndi mpopi wodontha.
Ina ili pa intaneti, yogulitsiramo mipando,
ndipo ukafunsa makina ofufuzira za masofa mu Joni muno
dzina lawo limatuluka lachitatu,
litamanga tayi.

Tsiku lina anati, Iwe wa ku Malawi,
makatani ako ndi osokedwa bwino,
ndikubwereka dzina langa.
Mwana wawo anagogoda kompyuta pang'ono chabe:
makatani, kadontho, kenako sithebe.
Usiku umenewo ndinali pamsana pa njovu
ndipo ndinati kunja kulibe mame.

Miyezi itatu foni ili zii.
Ndinadzifufuza ndekha mpaka tsamba lachisanu ndi chinayi,
deta inatha ndisanadzipeze.

Dziwenji, mwana wa mlongo wanga,
amakonza mafoni mu Small Street
pakati pa wogulitsa mawigi ndi wowotcha chimanga.
Anayang'ana adiresiyo, kasikuludiraiva ali kukamwa.
Malume, anatero,
makinawa amatuma kangaude kuyenda usiku ndi usana,
kutsata ulusi wochoka tsamba ili kupita lina,
kulemba m'kaundula chilichonse wapeza.
Akadakuikani kumbuyo kwa kamzere kopendekeka
mukadakhala chipinda cha m'nyumba yawo,
mlendo wawo akadakhala mlendo wanu.
Koma akuikani kutsogolo kwa kadontho.
Kangaude akhoza kukuonani ngati khomo lina,
mpanda umodzi, mbiri yosiyana.
Eni makina amati zonse ndi chimodzimodzi,
koma ine sindingalumbirire.

Ndinaseka mpaka wa mawigi anacheuka.
Zaka zisanu ndi ziwiri ndili kuseri kwa a Sithebe.
Makalata anga amafikira m'bokosi lawo,
galu wawo anasiya kundiuwa kalekale,
koma owerenga anthu atabwera
anaima pageti, kulemba anthu anayi,
ine ndili kuseri ndikupinda mpendero.

Nanga nditani, Dziwenji?

Ulusi, malume. Si inu telala?
Palibe ulusi wofika kwa inu.
Pemphani a Sithebe akutchuleni pa tsamba lawo loyamba.
Pemphani aliyense munamusokerapo.
Lembani mitengo, miyeso, dzina la dera,
ndi mawu anu, osati okopera kwa ena.
Ndipo kawuzeni makinawo kuti muliko,
ali ndi pakhomo polembetsera.

Ndinayenda. Mayi Letsoalo a malo ogona alendo ku Rosettenville anavomera.
Kireshi ya ku La Rochelle inavomera
nditawasokera zotchingira mawindo awiri ulere.
A Sithebe anati mawa,
mawa lake linatenga masabata asanu.

Dzulo magetsi anazima itakwana eyiti.
Ndinakhala pa mulu wa nsalu, foni ikuwala m'manja,
ndinalemba: makatani Turffontein.
Tsamba loyamba, ayi.
Lachiwiri, ayi.
Lachitatu, pansi penipeni,
pansi pa sitolo yomwe inatseka chaka chatha,
ndinalipo.

Sindinadzutse aliyense.
Pakona ya denga panali kangaude weniweni,
amene ndimamusesa Loweruka lililonse.
Ndinamuunika ndi foni.
Tsache ndinalisiya kuseri kwa chitseko.