Phiri la pa Kalendala

Mwezi wa Juni unafika ndi phiri.
Ndinatembenuza tsamba la kalendala
imene anandipatsa a Chimkwende ogulitsa feteleza pa Lizulu,
ilo lili poteropo, loyera mbee,
lopanda mtengo, lopanda njira, lopanda utsi wa munthu.

Ine ntchito yanga ndi kuwerenga mvula.
Zaka makumi awiri ndi zitatu, m'mawa uliwonse,
ndimatsegula kabokosi koyera kuseri kwa ofesi ya zaulimi ku Bembeke,
kuona pomwe kuzizira kunafika usiku,
kukhuthula madzi a m'geji, kulemba.
Lero madigiri anayi. Mvula palibe.
Zala zikukana cholembera.

Pansi pa chithunzi pali tizilembo ting'onoting'ono,
dzina, ndi kutalika kwake m'mamita.
Ndawerengera pachikuto cha buku:
phiri la Dedza litasenza linzake pamutu
likanangolekeza m'khosi.

Dzinalo ndi la munthu.
Mdzukulu wanga Velonika, wa Fomu 3, anakafunsa kusukulu.
Akuti mwina anali mkulu wa ofesi ya mapu
amene sanapondeko n'kamodzi komwe;
anzake anangoliona ali m'ndege, nati likhale lake.
Kumeneko kulibe mudzi woti n'kutsutsa.

Kuno dzina silitsika pa ndege.
Thanthwe la kuseri kwathu timati Pagwambuzi
poti tonde wa a Nangozo anatsetsereka pamenepo
tsiku lomwe ankafuna kukamugulitsa.
Kakhwawa kaja ndi Mtayamkanda,
ndipo mwini mkandawo akadalipo, sakonda kufunsidwa.
Dzina limamera pomwe munthu wagwa, walira, kapena wasekedwa.
Nanga phiri loti palibe anapunthwapo ndi nkhuni pamutu
lingavomere ndani?

Choyera chotsika pakati pa zitunda ziwiricho
Velonika akuti ndi mtsinje.
Mtsinje wouma gwa, koma woyenda,
phazi limodzi patsiku, mwina osakwana,
kukukuta mwala ngati chiswe m'phaso.
Ndinaseka. Linthipe atamva akanaseka nane.
Koma mwanayo anapitiriza:
madzi amene anagwa pansonga inu musanabadwe, agogo,
sanafikebe m'chigwa.
Ndinasiya kuseka.
Ndinaganiza za mnzanga wa kumeneko, akanakhalapo,
geji yake itadzaza ufa wosaphikika,
mwera wosaleka ukumulanda tsamba lililonse.

Usiku wa Lachinayi kunalibe nkhungu.
Nyenyezi zinatsika pafupi, agalu ali zii.
Kutacha, kachewere wa Esinati m'dambo
anali bii, ngati wina wadutsa ndi muuni.
Paudzu panali poyera.
Ndinagwada, kukhudza,
kanasungunuka pachala ndisanakaone bwino.
Dzuwa lisanakwere pamwamba pa mapaini
phiri lonselo linali litabwerera kwawo.

Lembani m'buku lanulo, anatero Esinati,
mizere khumi ndi isanu ndi umodzi,
ndi ngongole ya mbewu.
M'bukumo mulibe danga la zimenezo.
Ndinalemba digiri imodzi.

Akuti mtsinje wawo uja ukufupika chaka ndi chaka.
Sindikudziwa. Sindinauyeze.
Chimene ndayeza chili m'mabuku asanu ndi awiri
omwe mbewa zayamba kudya kuyambira kumbuyo,
ndipo mvula yoyamba m'menemo
yasanduka mlendo wosanena tsiku.

Julaye atafika ndinang'amba tsambalo.
Windo la kuchipinda linasweka kale kagalasi kamodzi;
ndinamata phiri pamenepo ndi phala la chinangwa,
nsonga yake kuyang'ana m'nyumba.
Usiku limapuma, kulowa, kutuluka,
koma mphepo ya ku Chongoni siliboola.

Dzulo ndinamva Esinati akuuza Velonika
kuti asatsamire pa Chitsekamphepo.
Mwanayo sanafunse n'komwe kuti ndi chiyani.
Anangosendeza mpando.