Mlonda ndi Akadziwotche

Pa depoti ya thonje kuno ku Salima
babu la pageti limayaka sikisi koloko.
Oyamba kufika sakhala akuba ayi,
ndinu, akadziwotche,
kuzungulira, kugunda galasi, phaphapha,
ngati mwaitanidwa.

Chaka chachinayi chino ndili pampando uno,
ndakudziwani.
Alipo wamng'ono ngati mankhusu a mpunga.
Alipo wotuwa ngati khungwa la msangu,
akatera pamtengo ndiye wasowa basi.
Wina, wofika chikhatho cha mwana wanga Mwatitha,
ali ndi maso awiri ojambula pamapiko,
oopsezera mbalame, osaona kanthu,
tinyanga take ngati nthenga.

Ndinagwirapo mmodzi.
Anandisiyira fumbi pachala, losalala ngati phulusa,
n'kuuluka mopendekera.
Sindinabwerezenso.

Kudya kwanu ndakuona.
Pamaluwa a papaya kuseri kwa sikelo
mumatambasula kamlomo kopiringizika
n'kuyamwa timadzi muli lende m'mwamba.
Pamango owola mumachita kuledzera.
Usiku wina wotentha wa Okutobala
mnzanu anatera pamkono panga
kudzamwa mchere wa thukuta,
ine phee, kuopa kumusokoneza.
A Kamphinda, alangizi, amati ena mwa inu
alibe pakamwa n'komwe,
anadyeratu ali mbozi.

Zimenezo musandiuze.
Maekala awiri kwathu ku Khombedza,
thonje litaima bwinobwino,
ana anu analiboola lisanaphulike.
Ngongole ya mankhwala yokha ndiyo inacha.
Mbuzi zinapita, njinga inapita,
ine n'kunyamula chikwama
kutsata kuwala kwa m'tauni.

Ndiye ndikusekeni bwanji?

Taonani nalimata wafika kale pakhoma,
mimba yoonekera m'kati, sathamanga.
Mileme ikudumphira kuchokera mumdima.
Pansi pa babu chule wakhala ngati kalaliki
tsiku lodula ngongole.
Aliyense pano akudyera kuwala komweku.

Magetsi akazima mumabalalika.
Kaya mumakumbuka mwezi,
kaya mumapita kukaikira mazira m'munda mwa wina.
Ndimatsala ndekha ndi tochi,
ndipo sindiyatsa msanga.

Kukacha, opulumuka amamatira kuseri kwa zitseko,
mapiko chitsekere, kugona masana ngati ine.
Otsalawo ndimasesa bwana asanafike:
adzaza chikhatho chimodzi, osalemera n'komwe.
Nyerere zimandithandiza.
Kenako ndimasaina m'buku:
usiku wayenda bwino,
palibe chachitika.