Msoko wa Dorika

Zaka khumi ndi zinayi ndikusoka fodya kwa Santhe,
ndinkati msoko ndimaudziwa.
Koma uwu, wopingasa mmunsi mwa mchombo wako,
wosokedwa usiku ku Kasungu
ine ndili pakhonde ndi thumba la matewera,
unandinjenjemeretsa mawondo.

Anamwino a Nyasulu anayang'ana zala zanga
zakuda ndi phula la masamba.
"Bambo, manja awa ayambe akumana ndi sopo.
Kawiri. Zikhadabo muwenge."
Anandipatsa kabotolo ka ayodini,
wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka,
thonje, ndi lamulo limodzi:
pakhale poyera, pakhale pouma,
pakanunkha kapena kutentha musadikire kuche.

Kumudzi aliyense ndi dokotala.
Alamu anadza ndi kapisozi, tithyole tiwazepo.
A Chidzanja akuti phulusa la chitsononkho.
Wina analumbira pa mankhwala otsukira mano.
Ndinalandira zonse ndi manja awiri, zikomo,
n'kukaziponya kuseri kwa chigafa.

M'mawa uliwonse fodya amadikira.
Ndimatseka chitseko, kusamba mpaka m'zigongono,
iwe n'kutsitsa chitenje, maso kudenga.
Kumanzere kupita kumanja, kamodzi, thonje litayidwe.
Ukati "sss" ndimaima.
Ukaseka umagwira pilo pamimba
n'kunditukwana kuti ndisiye nthabwala.

Tsiku lachisanu ngodya inafiira,
kadontho kachikasu pa bandeji.
Sindinafunse munthu.
Njinga yamoto ya Yotamu, mwana kumsana kwa mng'ono wako,
dzenje lililonse la msewu ndinalimva m'mimba mwanga.
A Nyasulu anafinya, natsuka, nalemba mapiritsi.
"Mwafulumira," anatero. Basi.
Mawu amodzi amenewo ndinawanyamula ngati cheke cha ku okushoni.

M'nyumba muno munali mabala awiri.
La mwana linayamba kuuma:
mchombo unagwa Lachitatu, tinamutcha Tadala.
Lako linatenga nthawi yake,
nkhanambo, kuyabwa, usakande, Dorika, usakande.

Fodya wa chaka chino wawola pa mikangala iwiri,
ogula adzandidula mtengo, ndikudziwa.
Dzulo unatenga dzanja langa
n'kuliyendetsa pa mzere wakudawo, wolimba ngati luzi.
"Khomo la mwana wako ili," unatero,
"latsekeka."
Kenako unandituma madzi,
poti ndowa sunayambe kusenza.