Mtengo wa Munthu Wamkulu

Pakhomo la malo odyera, m'paki ya ku Orlando,
chikwangwani sichikubisa mawu:
wazaka khumi kupita m'mwamba ndi wamkulu.
Corbin ali ndi khumi ndi ziwiri.
Dzulo lomweli analira m'galimoto, ati sokosi ikumuluma chala,
lero paki yamuveka uchikulire
pa madola makumi asanu ndi limodzi.

Ndaima padzuwa, foni m'manja, ndikuwerengera.
Pakamwa panayi,
msonkho pamwamba pake,
kangachepe ka woperekera zakudya pamwamba pa msonkhowo.
Atuluka masiku anga awiri athunthu
oimirira pakauntala ya mankhwala ku Toledo,
miyendo itatupa ngati mabanzi.

Corbin amadya zoyera zokhazokha.
Sipageti yopanda msuzi,
buledi wosenda makoko,
mpunga umene sunagundane ndi kanthu m'mbale.
Nyemba imodzi ikangosochera n'kuukhudza,
mpunga wonsewo ndi maliro.
Odessa, wa khumi ndi zinayi, anasiya nyama Lachiwiri lapitali
ataonera kanema wa ana a ng'ombe,
koma ndi masamba sanayambe kulankhulana.
Ndiye amadya chiyani?
Tchipisi. Tchipisi ndi foni.

Wendell akupukuta thukuta ndi mapu a paki.
Akuti tiyeni tingolowa, kuno sitibwera kawiri,
ndalama zimapezeka, koma ana sakhala ana mpaka kale.
Ndamulozera chikwangwani.
Paki yagamula kale kuti si ana.

Tinalowapo malo otere
Corbin ali ndi zaka khumi ndi mlungu umodzi.
Anazungulira matebulo onse manja kumbuyo ngati woyendera sukulu,
n'kubwerako ndi mabanzi atatu ndi batala.
Banzi limodzi, madola makumi awiri.
Mabanzi amene aja ndimawakumbukirabe
ngati abale amene anatisiya.

Pagalasi ndikuona zonse:
nkhanu zili psuu pamadzi oundana,
bambo wa chipewa chachitali akusenga nyama mopyapyala,
makeke asanjikizana mpaka m'mwamba.
Wina wameza mate.
Ndacheuka kuona ana, onse maso ali pafoni.
Wameza mate uja ndine.
Kuwerengera konseku ndimati ndikuyeza njala yawo,
chonsecho ndimafunafuna chilolezo cha njala yanga.

Sitinalowe.

Takhala pakakhoma, mumthunzi wochepa wa mgwalangwa,
pansi pa sitima ya m'malere
imene mphindi iliyonse ikukhuthula kukuwa pamitu pathu.
M'chikwama mwatuluka buledi wa m'mawa,
ataphwanyika pansi pa mabotolo a madzi, ali phwatalala.
Odessa wagulitsa tsinya lake pa tchipisi cha madola asanu ndi anayi.
Wendell wanyamula mwendo wa nkhukundembo waukulu ngati chibonga,
ndipo ndaona, inde ndaona,
Odessa akutsinako kachikopa akuyang'ana kumbali.
Sindinanene kanthu. Ana a ng'ombe si nkhukundembo.

Ine ndadzigulira kambale ka pepala pakawindo:
nkhanu zisanu ndi imodzi, zatsabola, zofiira ngati mkwiyo,
madola khumi ndi anayi.
Zanga. Zosagawana.

Ndadya imodzi.
Corbin wasendera, wanunkhiza, wakwinya mphuno.
Amayi, zimenezo zili ndi maso?
Analipo, anachotsa.
Watola imodzi ndi zala ziwiri ngati watola kangaude,
wanyambita, wakhala duu.
Mtima wanga waima, sitima nayo ngati yaima m'mwambamo.
Watafuna.
Watolanso.
Zaka khumi ndi ziwiri za mpunga woyera
zathera m'kambale kanga ka pepala,
ine ndatsala ndi kandimu kofinya kale.

Wapukuta milomo ndi mkono wa malaya,
watembenukira kugalasi kuja,
kumene bambo wa chipewa akunolabe mpeni.
Amayi, muja zimenezi ziliponso?
Munthu amadya mmene angafunire?

Wendell waseka mpaka kutsamwa.
Ine ndatulutsanso foni.